Kodi Omega Centauri ndi wathu kapena ndi mlendo?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Moni nonse. Loweruka lapitali magetsi anazima cha m'ma 7 koloko madzulo, ndiye ndinatenga mabainokyula omwe alamu anga anandisiyira n'kutuluka panja nditafunda bulangete. Kuzizira kwa June kuno mukukudziwa. Ndinayambira pa nyenyezi ziwiri zowala zija zimene zimaloza Southern Cross, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda. Kuchokera pa Hadar, imodzi mwa ziwirizo, ndinakwera pang'onopang'ono mpaka ndinapeza kanthu kosaphethira ngati nyenyezi, kooneka ngati ufa wotayikira pa nsalu yakuda, kukula kwake pafupifupi ngati mwezi. Stellarium ya pa foni inati ndi Omega Centauri, chimulu cha nyenyezi pafupifupi 10 miliyoni.

Chimene chandisowetsa tulo ndi ichi. Ndawerenga kuti chimuluchi mwina sichinabadwire mu mlalang'amba wathu wa Milky Way, koma ndi mtima wa kamlalang'amba kena kamene wathuyu anameza. Amadziwa bwanji? Nyenyezi ilibe chiphaso. Ana anga a Fomu 3 akandifunsa Lolemba ndiwayankha chiyani?

Wa ku Leeds:
Aphunzitsi, mwandichititsa kaduka. Kuno ku England Omega Centauri satuluka n'komwe, ali kumwera kwambiri. Inu mumamuona ndi maso okha mutaima pakhonde.

Chiphaso chilipo, chili m'kuwala kwake. Akagawa kuwala kwa nyenyezi amadziwa kuchuluka kwa chitsulo chimene chili m'kati mwake. M'zimulu zambiri zobulungira zamtunduwu nyenyezi zinabadwa pafupifupi nthawi imodzi kuchokera ku mtambo umodzi wa mpweya, choncho chitsulo chake n'chofanana. Omega Centauri ayi. Muli nyenyezi za chitsulo chochepa, zina chochulukirapo, ndipo misinkhu yake ndi yosiyana.

Anawo auzeni za nkhokwe. Mukapasula nkhokwe n'kupeza chimanga cha zaka zitatu zosiyana, mumadziwa kuti mwini wake wakhala akukolola n'kumaunjika. Kuti malo abale nyenyezi kangapo, ayenera kukhala ndi mphamvu yokoka yokwanira kugwira mpweya umene nyenyezi zakale zimamwaza zikaphulika. Chimulu wamba sichingathe, mpweyawo umathawa. Kamlalang'amba kangathe. Onjezaninso kuti pa zimulu zoposa 150 za mlalang'amba wathu iye ndiye wolemera kwambiri, ngati madzuwa 4 miliyoni, komanso amazungulira mobwerera, kutsutsana ndi kumene dzuwa lathu likulowera.

Mayi wa masamu:
Achimwene a ku Leeds afotokoza bwino, koma ine ndimaona kuti mboni yamphamvu ndi M54, chimulu china cha nyenyezi. Za Omega Centauri tikungotsata mapazi, mlandu unachitika kalekale. M54 ndiye wakuba tamugwira mbuzi ili m'manja.

Katswiri wa zakuthambo Charles Messier anamulemba m'ndandanda wake mu 1778, ndipo kwa zaka zoposa 200 aliyense ankati ndi wathu. Mu 1994 Rodrigo Ibata, Gerry Gilmore ndi Mike Irwin anatulukira kamlalang'amba ka Sagittarius, kobisala kuseri kwa pakati pa Milky Way, ndipo M54 anapezeka atakhala pakatikati pake. Kamlalang'ambako kakung'ambidwa panopa, nyenyezi zake zatayika m'mzere wautali wozungulira mlalang'amba wathu. Kuwala kwa M54 kumatenga zaka pafupifupi 87,000 kuti kutifike, pamene kwa Omega Centauri ndi zaka 17,000 basi.

Aphunzitsi, mu July kapena August muyang'ane pafupi ndi nyenyezi ya Ascella. Koma musayembekezere zambiri. Ine nditamupeza ndinakhumudwa, ndi kadontho kachimbuuzi chabe, ndipo mwamuna wanga anati ndi fumbi la pa galasi.

Wokayika:
Pepani akuluakulu, koma "mwina" wachuluka apa. Ngati Omega Centauri anali mlalang'amba, thupi lake lili kuti?

Wa ku Leeds:
Funso labwino, bambo. Thupilo linamwazika, nyenyezi zake zinasakanikirana ndi zathu, chotsala ndi chapakati chothinana chimene mphamvu yokoka ya Milky Way inalephera kuphwasula. Mu 2024 akatswiri atafufuza zithunzi za zaka pafupifupi 20 zojambulidwa ndi Hubble, makina oonera zakuthambo amene ali mumlengalenga, anapeza nyenyezi 7 pakati pake zothamanga kwambiri moti zikanathawa kale pakanapanda chinthu cholemera chozigwira. Anati ndi black hole, chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo, yolemera kuposa madzuwa 8,000. Zoterezi timaziyembekezera pakati pa mlalang'amba.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Zikomo kwambiri nonse. Za nkhokwe ndatenga, ana amva msanga. Mayi, za Ascella ndalemba pa kalendala. Vuto ndi loti mabainokyula ndi amodzi, ana ndi 64, ndipo akufunika chilolezo cha makolo kuti abwere usiku. Ndiyamba ndi a pafupi ndi sukulu Lachisanu likubwerali, kukapanda kuchita chifunga.