Thandizeni, chala chabodza chandiyalutsa pamaso pa ana

Moni nonse. Ndakhala ndikuphunzira majiki a m'manja kwa chaka ndi theka, mphunzitsi wanga ndi YouTube basi. Kusowetsa K10 yachitsulo ndimatha ndithu. French drop ija, yonamizira kuti ndalama waitenga ndi dzanja lamanja pomwe yagwera m'zala za kumanzere, ana amangoti kukamwa yasa.

Chandivuta ndi thumb tip, kachala ka pulasitiki kovala pa chala chamanthu kobisamo kansalu. Msuweni wanga ananditumizira kuchokera ku Joni, koma ndi kotuwa, kofanana ndi khungu la azungu. Loweruka pa phwando la kunyumba, kansalu kofiira katangosowa, kamwana ka achemwali kanakuwa kuti, "Amalume, chala chanu chatupa!" Anthu kuseka mpaka misozi. Ndinayesa kukapaka polishi ya nsapato, kansalu kanatuluka kothimbirira, manja akununkha ngati ndine wopolisha nsapato pa depoti. Ndikapake chiyani? Komanso ndikabisa khadi m'chikhatho, kona imasuzumira pakati pa zala. Manja anga ndi aang'ono.

China, agogo akuti ndakhwimira. Ndiwaululire?

Mayankho

Achimwene, vuto si mtundu ayi, ndi kagwiridwe. Chala chizilozera kwa oonera, aziona nsonga yokha, osati m'mbali. Kansalu mukangokalowetsa, chalacho chibisale kumbuyo kwa zala zinazo, inu maso ku dzanja linalo. Anthu amayang'ana komwe inu mukuyang'ana. Mukafunabe kupaka, kwechani pang'ono ndi sandipepa kenako penti ya acrylic yosanyezimira, kunja kokha. Tizala tabulauni amagulitsanso, muuzeni msuweni.

Za makadi: mwina mukugwiritsa ntchito a poker, m'lifupi mwake ndi mamilimita 63. Pezani a bridge, ndi 57. Ndipo musaumitse dzanja ngati nkhanu, lizikhala lolendewera ngati mulibe kanthu.

Agogo aululireni msanga bwana, nkhani za ufiti sizichedwa kufalikira m'mudzi. Inde, lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, koma gulu likakwiya silifunsa za lamulo. Ku Cape Town kuli College of Magic, inatsegulidwa mu 1980, ana amaphunzira zomwezi m'kalasi. Aonetseni.

Zikomo nonse. Ndawaveka agogo kachala kaja madzulo ano. Aseka, kenako akana kubweza, akuti akufuna akadabwitse anzawo ku mvano Lachinayi.