Konkire ikugamuka m'makonde a nyumba yosanja ya m'ma 1960 ku London: tiyambire pati?

Kamanga: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Nyumba ya nsanjika 20, konkire yake yosapaka pulasitala, yogobedwa ndi bush hammer (nyundo ya manomano yokhakhalitsa konkire). M'mphepete mwa makonde ikugamuka, zitsulo zili pamtunda ndi dzimbiri lake. Nyumbayi ili m'kaundula wa zotetezedwa, ndiye zoiveka cladding (mapanelo okutira khoma kunja) kapena penti yokhuthala akhansolo akaniratu.

Mayi Nabanda: Ndi mmene zinthu zatembenukira, a Kamanga. Trellick Tower, nyumba yosanja ya konkire ya ku London yojambulidwa ndi Ernő Goldfinger, yomalizidwa 1972, anthu ankaiopa chifukwa cha umbanda, koma mu 1998 boma linaiika m'kaundula wa zotetezedwa pa mulingo wa Grade II*. Park Hill, nyumba zosanja za konkire za ku Sheffield, inatetezedwanso chaka chomwecho. Konkire yomwe ankainyoza ija ndiyo akuilondera lero. Choyamba gogodani khonde lililonse ndi nyundo, pomveka phwa phwa mulembepo choko. Kenako cover meter, kachipangizo koyezera kuya kwa chitsulo m'konkire. Nyumba za nthawi imeneyo mupeza chitsulo chili mamilimita 15 kapena 20 okha kuchoka kunja, pena osafika n'komwe. Swani kachidutswa, muwaze phenolphthalein (mankhwala oyezera osintha mtundu) ya 1% pamalo ongoswedwa kumene. Pofiirira ndi pabwino. Posasintha mtundu ndiye kuti mpweya wa carbon dioxide walowa, pH (muyeso wa mphamvu ya alikali m'konkire) yatsika kufika cha m'ma 9, ndipo chitsulo chilibenso chochiteteza.

Chirwa: Musaiwale mchere. Mchere wa calcium chloride ankauthira kuti konkire igwire msanga m'nyengo yozizira, ndipo ku Britain anadzauletsa pa konkire ya zitsulo mu 1977. Boolani, mutenge fumbi pa kuya kwa 0–25, 25–50 ndi 50–75 mm, lipite ku labu. Mcherewo ukakhala wofanana m'magawo onse, unalowa posakaniza, sunachokere kunja. Ukapitirira 0.4% ya kulemera kwa simenti, chigamba chokha sichithandiza: dzimbiri limasamukira m'mbali mwa chigambacho, pakapita zaka zochepa mwabwereranso ndi sikafodi. Pamenepo mangirirani ma anode a zinc (tizidutswa todyeka m'malo mwa chitsulo) ku zitsulo m'mphepete monse. Asbestos afufuzidwe musanaboole kalikonse.

Kamanga: Zikomo a Chirwa. Nanga kugumulako kufike pati?

Chirwa: Tsatani chitsulo mpaka mutapeza choyera, muonjezerepo 50 mpaka 100 mm. Kuseri kwake mutsegule 20 mm, chala chizilowa. M'mbali dulani ndi galayinda kuya 10 mm. Chigamba chothera mopyapyala chimasweka chisanu choyamba.

Mayi Nabanda: Pomwe ambiri amagwa ndi pa mtundu. Matope a m'thumba ogula kale amatuluka otuwa mosalala, nyumba n'kuoneka ngati malaya a zigamba, ndipo a conservation officer (oyang'anira nyumba zotetezedwa kukhonsolo) sasaina. Tengani core (chidutswa chobooledwa m'konkire), muone miyala yomwe inagwiritsidwa ntchito, ku London nthawi zambiri ndi ya mwala wolimba wotchedwa flint. Pangani zitsanzo zosachepera zitatu za 500 x 500 mm, simenti ndi mchenga mosiyanasiyana, ziume masiku 28, muzigobe, muziimike pafupi ndi khoma litatsukidwa kale. Muzione zouma komanso zonyowa, chifukwa mvula imaulula zonse. Dziwaninso kuti kugoba kumadya mamilimita angapo, choncho chigamba chituluke kaye pang'ono. Pamwamba silane yosaoneka (mankhwala opaka okana madzi) imachepetsa madzi, koma kulowa kwa carbon dioxide kuja siiletsa, musalonjeze zimenezo kwa eni nyumba.

Mvula: Funso limodzi lisanaiwalike: nyumbayi inathiridwa pamalopo, kapena ndi ya mapanelo olumikiza? Ronan Point, nyumba yosanja ya mapanelo ya ku London, inagumuka ngodya yonse pa 16 May 1968 gasi ataphulika pa nsanjika ya 18, anthu anayi anafa, ndipo vuto linali m'malumikizidwe a mapanelo. Ngati ili ya mtundu umenewo, makonde adikire, injiniya atsegule kaye majointi.

Kamanga: Mapulani akuonetsa kuti inathiridwa pamalopo, koma zotchinga za makonde ndi precast, zoumbidwa kwina n'kudzalumikizidwa.

Mvula: Ndiye onani mabawuti ndi mabulaketi ozigwira, tsegulani chimodzi pa mbali iliyonse ya nyumba, kuyambira kumene kumawomba mvula. Pansi patchingidwe lero lomwe, ana asamadutsepo.