Nsomba zanga za m'galasi zikulavula mapeleti, ndiziwonjezere chiyani?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse a pagulu pano. Chonde ndithandizeni, musandiseke. Ndili ku Mulanje cha ku Chitakale, ndimaweta nsomba m'thanki ya galasi pabalaza. Ndi zikuluzikulu ndithu, ina ikuposa chikhatho changa. Ndinazitenga zili tating'ono kwa mnzanga amene anasamukira ku Salima, ndiye zaka ziwiri zonsezi zakulira mapeleti okhaokha, timibulu ta chakudya cha nsomba togula kusitolo. Mapeletiwo ndimakagula ku Blantyre poti kuno sapezeka, mukaphatikiza ndi ya minibasi ndalama yake imawawa. Sabata yachiwiri tsopano zimangotola peleti n'kulavula. Imodzi yangobisala kuseri kwa mwala, situluka.

Chondipweteka china n'choti pakhomo pano palibe wondimvetsa. Mlamu wanga anabwera ati wadzacheza masiku atatu, pano mwezi watha, ndiye tsiku lina ndinamupeza akunyemera nsima yopaka msuzi m'thankimo, ati zikumumvetsa chisoni. Madzi anachita mbuu, ndinachezera usiku kusintha. Mayi a kunyumba akuti thankiyi ikumaliza mayunitsi a magetsi. Eni nyumba nawo akuti chinyontho chawononga khoma, chonsecho khomalo ndinalipeza lili choncho. Magetsi akazima fyuluta yosefa madzi imaima, ine mtima uli m'mwamba kuntchito.

Ndiye funso langa ndi ili: kupatula mapeleti ndingazipatse chiyani chopezeka konkuno? Wina wandiuza chiwindi cha ng'ombe, wina nyongolotsi, wina usipa. Ana anga anazitcha kale mayina, sindikufuna ife ngakhale imodzi.

Madala a Madamu:
Achimwene, ine ndili ndi madamu anayi kuno ku Thuchila, makumba ndi chilunguni ndinayamba kuweta inu musanalote zogula galasilo. NSOMBA NDI NSOMBA. Madeya basi! Pitani pa chigayo, thumba limodzi likukwanirani chaka. Chilunguni changa chimadya masamba a chinangwa ndi a mbatata, chikunenepa mpaka anthu amachokera ku Nkando kudzagula. Mapeleti anuwo ndi njira yongokudyerani ndalama.

Nambewe wa ku Luchenza:
Ine nkhani za nsomba za m'galasi zimandikumbutsa zowawa. Mwana wanga anali nazo zisanu, ankazikonda kuposa mpira. Tsiku lina anakagwira ziwala m'mphepete mwa munda wa tiyi, osadziwa kuti anali atangopoperamo mankhwala. Anazipatsa madzulo, m'mawa zonse zili chagada. Mwanayo anakana sukulu masiku awiri. Bambo, chilichonse chochokera kufupi ndi tiyi kapena dimba lopopera musayerekeze.

Mnyamata wa pa Limbuli:
Yoposa chikhatho? Akulu, imeneyo yakwana. Tomato, anyezi, kamchere, mlamu wanu akhululuka zonse 😂

Aphunzitsi a Sayansi, Thyolo:
Bambo, mwalemba zambiri koma chachikulu simunatchule: ndi nsomba zamtundu wanji? Popanda chimenecho aliyense pano akungoponya mwala mumdima. M'nyanja ya Malawi muli mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja la chambo ndi mbuna, ndipo sizidya zofanana. Mbuna, zija za m'miyala za ku Cape Maclear, zambiri zimapala ndere pamiyala, matumbo ake ndi aatali oyenera zamasamba. Mukazipatsa chiwindi kapena mtima wa ng'ombe zimatupa mimba n'kufa. Koma kaligono, ija imagona chammbali pamchenga ngati yafa kuti igwire tinsomba tobwera kudzaijompha, ndi yodya nyama. Ncheni nayonso chimodzimodzi. Ndiye pali oscar, yomwe ena amagulitsa m'tauni, imeneyo si ya m'nyanja yathu n'komwe, kwawo ndi ku South America. Tiuzeni mtundu, kapena ikani chithunzi.

Madala a Madamu:
Ayamba a mabuku aja. Aphunzitsi, inu munakololapo nsomba zingati? Ine sindinafunsepo khumba kuti matumbo ako ndi aatali bwanji. Ndimathira madeya ndi manyowa a nkhuku, madzi asanduke obiriwira, nkhani yatha.

Aphunzitsi a Sayansi, Thyolo:
Madala, za m'damu mukunena zoona, sindikutsutsani. Manyowawo amameretsa tizomera ndi tizilombo ta m'madzi tomwe makumba amasefa. Koma damu lili ndi dothi, dzuwa ndi madzi ochuluka. Galasi la pabalaza mukathiramo madeya amawolera pansi, madzi amadzaza poizoni wotchedwa ammonia, nsomba zimapsa makha. Nsima ya mlamu ija yaonetsa kale.

Madala a Madamu:
Ndiye vuto ndi galasilo! Akumbe damu kuseri kwa nyumba. Mulanje madzi ali mbwee chaka chonse, munthu n'kumasunga nsomba m'botolo ngati maswiti?

Mayi a Mapasa:
Koma anthu inu. Ufa wakwera chonchi wina akulira kuti nsomba yake yakana chakudya cha ku Blantyre? Ndipo bambo inu, mlamu ndi m'bale, simungamuike pagulu la anthu masauzande chifukwa cha kambamu ka nsima. Anachita mwachifundo. Mawa mukadwala adzakutengerani kuchipatala ndi mlamu yemweyo, osati nsombazo.

Nambewe wa ku Luchenza:
Asisi, munthu wafunsa za nsomba, za banja lake zisiyeni. Aliyense ali ndi chake chomwe chimamuchotsa nkhawa. Ena njiwa, ena bawo.

Mayi a Mapasa:
Wayamba yekha kutchula mlamu, ine ndangoyankha zomwe walemba.

Wa pa Bvumbwe:
Ine ndimasunga oscar awiri, chaka chachinayi tsopano. Nyongolotsi amazikonda koopsa. Ndimakumba pa dzala pomwe sipafika sopo kapena mankhwala, n'kuzisunga usiku umodzi m'chitini chokhala ndi pepala lonyowa kuti zitulutse dothi, kenako kutsuka. Mvula yoyamba ikagwa ndimatola ngumbi pa getsi la pakhonde, kuthothola mapiko, kuika mufiriji, koma ndimapatsa pang'ono chifukwa zili ndi mafuta ambiri. Usipa wouma ndimauviika kaye kuti mchenga ndi mchere zichoke, wokazinga kapena wowamba ayi. Tinsomba tamoyo ta mu Ruo kapena Likhubula musaponyemo, ndinalowetsa matenda m'thanki mwanga ndi njira imeneyo. Zonsezi kawiri pa sabata, masiku enawo mapeleti omwewo. Koma ndanena za oscar, zanuzo sindikuzidziwa.

Madala a Madamu:
Ngumbi kupatsa nsomba? Ngumbi zomwe ana akulimbirana? Dziko lapita.

Kalaliki wa pa Boma:
Palibe amene wafunsa za kuzizira. Uno ndi June, chiperoni chagwa sabata yonse, phiri silikuoneka n'komwe. Nsomba za ku nyanja zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28. Madzi a pampopi kuno m'mawa mukuwadziwa, dzanja limachita dzanzi. Ngati mulibe hita, kapena mumaizimitsa poopa mayunitsi, nsomba imasiya kudya chifukwa chakudya sichigayika msanga. Ndiponso munati munasintha madzi usiku uja, ngati munakhuthula onse n'kuthira ozizira a pampopi nthawi imodzi, chimenecho pachokha chimadwalitsa. Ine ndimachotsa gawo limodzi mwa anayi pa sabata. Madzi a m'phiri muno alibenso laimu ngati a ku nyanja, ena amaika zigoba za nkhono zophwanya mu fyuluta.

Aphunzitsi a Sayansi, Thyolo:
Akalaliki anena zenizeni. Ndiwonjezere chomwe chikundidetsa nkhawa: kutola chakudya n'kulavula, komanso kubisala pakona, nthawi zambiri si kutopa ndi mapeleti. Ndi mmene amayambira matenda otupa mimba aja azungu amawatcha Malawi bloat. Yang'anani chimbudzi chake, ngati chikulendewera choyera ngati ulusi, komanso ngati mimba yafufuma kapena ikupuma mofulumira. Zikakhala choncho musawonjezere chakudya chatsopano, siyani kudyetsa masiku awiri kapena atatu, nsomba yaikulu siifa nayo njala imeneyo. Ngati ndi mbuna zabwinobwino, nsawawa zowiritsa zosenda khungu n'kuzifinya, kapena tsamba la nkhwani kapena sipinachi loviika m'madzi otentha, lopanda mchere, lopanda soda. Zotsala muzichotsa zisanawole.

Mnyamata wa pa Limbuli:
Nkhwani wotendera kapena wamafuta, aphunzitsi? 😂

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga. Amayi a Mapasa, mlamuyo sindimuda, koma dzulo lomweli wazimitsanso soketi ya thanki kuti atchaje foni. Hita ndinali nayo, inapsa mu April, sindinagule ina. Mtundu wake mnzanga uja anandiuza koma dzina lake ndi lachizungu lovuta, nambala yakenso siikupezeka. Ziwiri ndi zabuluu, zinazo zachikasu zamadontho akuda. Chiwindi ndinagula kale m'mawa pa msika, ndiye ndichite nacho bwanji, ndiyese kachidutswa kakang'ono?

Aphunzitsi a Sayansi, Thyolo:
Ayi bambo, chiwindicho dyani nokha ndi ana. Buluu ndi chikasu zilipo mbuna, zilipo zodya zinzake, mtundu sitingaudziwe ndi mawu. Jambulani ndi foni chammbali, mutu ndi kamwa zioneke bwino, makamaka yobisalayo. Ndipo hita ija musadikire malipiro.

Wa pa Bvumbwe:
Pakali pano kutani thankiyo ndi bulangete usiku, kusiya mpata pamwamba. Ine chiperoni chikavuta magetsi atazima ndimayandamitsamo botolo la madzi ofunda lotseka bwino.

Madala a Madamu:
Bulangete kufunditsa nsomba, ana akugona ndi chitenje! Achimwene, bwerani ku Thuchila Loweruka mudzaone madamu, ndikupatsani mbewu ya makumba ulere, madeya ndikuwonjezerani. Mukatsika minibasi mufunse kwa madala a nsomba, aliyense akulozerani.