Thandizeni: AI yatilembera bwino chikalata cha pulogalamu, koma chifukwa chenicheni chasowamo

Wa ku Ulongué:
Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Tilipo atatu, tikupanga pulogalamu ya pafoni ya bungwe lina la alimi kuno ku Angónia ndi ku Tsangano. Imalemba amene watenga feteleza pangongole ndi matumba a mbatatesi amene wabweza pokolola. Zokambirana zathu zambiri zimachitikira pa WhatsApp, ma audio a Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi, mwinanso tili m'chapa kupita ku Tete.

Chaka chatha tinagwirizana kuti chilichonse chiziyamba chasungidwa m'foni momwemo, mu SQLite (kankhokwe ka deta), n'kumapita ku PostgreSQL (nkhokwe yaikulu) ya pa seva pokhapokha rede (netiweki) ikapezeka. Nambala ya mlimi tinati ikhale UUID (nambala yaitali yosafanana ndi ina iliyonse), osati yongowerenga 1, 2, 3, kuopa kuti mafoni awiri opanda rede angapereke nambala imodzi kwa anthu awiri. Chotipangitsa chinali chimodzi basi: m'midzi ina ya m'mapiri a Tsangano mlembi amatha tsiku lonse foni isanagwire kanthu, ndipo cha kumalire imathawira ku rede ya ku Malawi.

Ndinafotokozera AI zimene ndinkakumbukira, iyo n'kulemba chikalata chokongola kwabasi chofotokoza zisankho zathu, mitu yonse ili m'malo mwake. Ndinangochiona pamwamba n'kuchiponya mu Git, mmene timasungira code yathu. Mwezi wathawu tinalandira mnyamata watsopano, wochangamuka ndithu. Atawerenga, anapeza palembedwa kuti tinasankha SQLite pofuna liwiro komanso kupeputsa seva. Za Tsangano munalibe ndi liwu limodzi lomwe. Iye poona kuti seva yathu imangogona, anachotsa mzere umene zolemba zimadikirirapo rede m'foni kuti zonse zizipita pompopompo. Tsiku logawa feteleza, mayina a mudzi wathunthu sanafike. Tinapulumukira kope la mlembi, mayi wosakhulupirira foni, Mulungu awadalitse.

Ndiye ndifunse: inu amene mumalemba zisankho zotere ndi AI, mumatani kuti isakupekereni zifukwa? Kuisiyiratu sindingathe, nthawi yolemba zonse pamanja tilibe.

Mkulu wa ku Moatize:
Mng'ono wanga, AI siidziwa Tsangano. Ukaisiyira mpata, imatsekapo ndi chifukwa chimene chimapezeka kawirikawiri m'mabuku, ndipo imachilemba molimba mtima ngati inalipo pamsonkhano. Liwiro ndi chifukwa chomveka, n'chifukwa chake sunachikayikire.

Siya chikalata chachikulu, yamba ma ADR (Architecture Decision Record), timakalata tolembamo zisankho za kamangidwe ka pulogalamu. Njirayi anaitchukitsa ndi Michael Nygard mu 2011: chisankho chimodzi, tsamba limodzi, lokhala ndi nambala yake, m'foda ngati docs/adr pambali pa code. Muli mutu, mmene zinthu zinalili, zimene mwasankha, ngati chisankhocho chavomerezedwa kapena chikadali pokambirana, ndi zotsatira zake, zokoma ndi zowawa zomwe. Gawo la mmene zinthu zinalili ulembe wekha ndi zala zako, ngakhale Chichewa chake chikhale chokhota. Pamenepo ndi pamene pamalowa phiri, foni yakale ya mlembi ndi mtengo wa ma mega.

Ine AI ndimaisandutsa wofunsa mafunso. Ndimaiuza kuti isalembe kanthu isanandifunse: njira zina zimene tinazikana ndi ziti, tinazikaniranji, ndipo n'chiyani chingasinthe kuti chisankhochi chithe ntchito. Funso lomalizali ndi limene likanakupulumutsa, chifukwa yankho likanakhala lakuti mpaka rede itafika midzi yonse. Ndimailamulanso kuti pamene sindinapereke chifukwa ilembe kuti sichinanenedwe. Nthawi zina imaphonyabe, ndiye kuwerenga mzere ndi mzere sikuthawika.

China: ADR yakale safufuta. Mukasintha maganizo mumalemba yatsopano, yakaleyo n'kuilemba kuti yalowedwa m'malo ndi nambala yakuti.

Mlongo wa ku Matundo:
Ma audio aja musawadalire, achimwene. Ndinayesa kuwasandutsa malemba, Chipwitikizi chinatuluka bwino, Chichewa chinatuluka phala. Ife tikamaliza kukambirana, mmodzi amalemba mizere itatu pagulu kuyamba ndi mawu akuti TAGWIRIZANA, enawo n'kuvomera tsiku lomwelo. Mizere imeneyo ndi imene timapatsa AI, osati zokumbukira za munthu mmodzi patapita masabata. Komanso chonde, mayina a alimi, ngongole zawo ndi manambala a M-Pesa kapena e-Mola asalowe mu chat. Sanakupatseni kuti muzitumize kunja.

Wa ku Zóbuè:
Mukuinamizira AI apa. Anavomereza ndani kuti code ya mnyamatayo ilowe? Ikani ndemanga pamwamba pa mzere wodikirirawo yoloza ku ADR yake, mulembenso test yoyesa pulogalamu rede itazimitsidwa. Chikalata munthu akhoza kuchidumpha, test ikafiira posonyeza kuti pena palakwika sadumpha.

Wa ku Ulongué:
Achimwene a ku Zóbuè mwandigwira pakhosi. Ndinavomereza ndine, pafoni, ndili pamzere wa ku banki. Zikomo nonse. Koma akulu a ku Moatize, zisankho zakale zilipo zambiri, ndipo dzulo titayesa kukumbutsana za UUID, mnzanga akuti tinaisankha chifukwa cha lipoti la opereka thandizo, ine ndikuti chifukwa cha mafoni awiri aja. Tilembe ziti?

Mkulu wa ku Moatize:
Lembani zonse ziwiri, ndi dzina la amene akukumbukira chilichonse, ndipo deti likhale la tsiku limene mukulemba, osanamizira kuti munalemba chaka chatha. AI musaifunse kuti wolondola ndani, idzangosankha yomveka bwino. Osavutikanso ndi zisankho zonse. Tengani zokhazo zimene munthu atazigwetsa mawa alimi angalire, uyambe ndi ya SQLite usiku uno. Ya UUID mnyamata watsopanoyo ndi amene alembe, akufunseni nonse awiri. Ukamapitanso ku Tsangano umutenge, akaone yekha foni ikusaka rede.

Wa ku Ulongué:
Tikupita Lachinayi. Ndamuuza abwere ndi jekete, kumeneko kumazizira.