Tabuleti ya mwana wa Sitandade 2: ndigule kapena ndisiye?

Amake Tadala: Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi wa zaka 7, ali Sitandade 2, zakusukulu sizikumukwanira. Akangoweruka mafunso ali mbwee: n'chifukwa chiyani mwezi umatitsatira tikamayenda, nyerere zimagona kuti. Mawu a pa paketi ya shuga ndi pa sopo anawamaliza kale kuwerenga. Ndagawana ndalama ku banki nkhonde ndipo mtima uli pa tabuleti. Kodi n'kutaya ndalama?

Atate a Mphatso, ku Joni: Gulani mayi, musachedwe. Boma lomwe linaona kuti n'zothandiza. Pulogalamu ya BEFIT ya Unduna wa Zamaphunziro inayamba mu 2023, ndipo cholinga chake n'chakuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za boma aziphunzira pa matabuleti. Maphunziro ake anakonza a bungwe la onebillion, amene anapambana nawo mphoto ya Global Learning XPRIZE mu 2019, ndipo ali m'Chichewa. Mwana wochangamuka chotere musamugwire miyendo.

Aphunzitsi a ku Zomba: Achimwene, zimene mwanenazo n'zoona, koma tisasakanize zinthu ziwiri. Tabuleti ya kusukulu muli kuwerenga ndi masamu basi. Mwana amavala zomvera m'makutu, amalondola chilembo ndi chala, akalakwitsa amabwereza mpaka akhoze, nthawi ikakwana aphunzitsi amatolera. Ya m'sitolo imabwera yopanda zonsezo. Mukapanda kuikamo zophunzirira n'kumakhala naye pambali, mwanayo athera pa makatuni a YouTube, bandulo n'kumatha tsiku lomwelo. Ine ndaonapo ana anzeru amene mafunso awo anazilala atangolandira foni, ndipo zimandipweteka.

Amake Tadala: Apa mwandigwira mtima aphunzitsi. Ine ndimafika pakhomo dzuwa litalowa, masana amakhala ndi agogo ake.

Anambewe: Ndiye agogowo ndi chuma chimene muli nacho kale, mwana wanga. Mdzukulu wanga kuwonkhetsa ndi kuchotsera anadziwira pa bawo. Amayamba wawerenga njere zili m'dzenje, kenako n'kuloza ndi chala pamene yomaliza ikagwere asanatole n'komwe. Zitsekerero za mabotolo amaziika m'milu ya khumikhumi pakhonde. Madzulo nthano ndi ndagi. Zonsezi sitinalipire kobiri.

Atate a Mphatso, ku Joni: Pepani amayi, bawo ndi wabwino, sindikukana. Koma bawo amuuza bwanji za mwezi? Mabuku a ana a m'Chichewa okamba za nyenyezi ndi tizilombo ndi osowa kwathuko. Mwanayu akufuna mayankho, ndipo akapanda kuwapeza adzasiya kufunsa.

Amake Yamikani: Nonse mukunena zanzeru, koma tiyeni tione thumba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja sagwirika. Tabuleti yanga inagwa pa simenti galasi n'kusweka, kokonzetsa ananditchulira mtengo woti ndinangoibweza m'kabati. Magetsi akazimanso madzulo mumangoiyang'ana. Ine ndinagula nyale ya sola, makope ndi makrayoni. Loweruka timapita ku National Library, ili ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Komanso pa webusaiti ya African Storybook pali nkhani za ana zaulere, za m'Chichewa zilipo, mungathe kuzikopera pa foni yanu yomweyo.

Aphunzitsi a ku Zomba: Za nyale ndi kope ndagwirizana nazo kwathunthu. Mumupatse kope limodzi la mafunso okhaokha. Masana alembemo kapena ajambule chimene chamuzunguza mutu, usiku musankhe limodzi muyankhe pamodzi pa foni yanu. La mweziwo yambani lero: mwezi uli kutali kwambiri, pafupifupi makilomita 384,000, ndiye mukamayenda mitengo yapafupi imatsalira m'mbuyo koma iwo umaoneka uli pomwepo. Mutuluke naye panja aone yekha.

Atate a Mphatso, ku Joni: Chabwino, koma akafika Sitandade 4 nkhaniyi ndidzaidzutsanso.

Amake Tadala: Zikomo nonse. Mawa ndikagula nyale ndi kope, yotsalayo ibwerere ku banki nkhonde kaye. Amake Yamikani, kukalembetsa mwana ku laibulale mumatenga chiyani? Ndikufuna tipitire limodzi Loweruka likubwerali.