Zotsatira za Abambo Aang'ono: Ulendo wa Lachiwiri

Achimwene aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Zotsatira za tinyama tomwe adokotala anachotsa pa prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo) ya abambo aang'ono zatuluka. Ndi khansa ndithu. Papepala alemba Gleason 3+4=7, Grade Group 2. Akufunika ku Kamuzu Central Lachiwiri m'mawa.

Azakhali: Mayo ine! 7 pa 10? Malemu bambo anu anali ndi 6 mu 2002. Apa ndiye zaposa pamenepo.

Achemwali a ku Leeds: Azakhali, mtima m'malo. Mapepala awiriwa musawayerekeze, kawerengedwe kanasintha.

Azakhali: Kanasintha bwanji mwanawanga? Nambala ndi nambala.

Achemwali a ku Leeds: Njirayi anayiyambitsa Donald Gleason ku America m'zaka za m'ma 1960. Amayang'ana maonekedwe a maselo pa maikulosikopu n'kuwapatsa nambala kuyambira 1 mpaka 5 (nambala ikakwera ndiye kuti maselowo ndi aukali), kenako n'kuphatikiza manambala awiri. Kale zotsatira zinkayambira pa 2. Koma kuchokera pomwe akatswiri a ISUP, bungwe la padziko lonse la oyeza matenda ngati amenewa, anakumana mu 2005, manambala a m'munsiwo anasiya kulembedwa pa tinyama totengedwa ndi singano. Lero yotsikitsitsa yomwe mungaione ndi 6.

Achemwali a ku Leeds: Chinanso, maselo ena ounjikana okhala ndi timabowo ngati sefa kale ankawaika pa 3, pano amawaika pa 4. Ndiye khansa ina imene nthawi ya malemu bambo ankailemba 6, lero akhoza kuilemba 7.

Alamu: Nanga Grade Group 2 ndiye chiyaninso?

Achemwali a ku Leeds: Imeneyo alamu inavomerezedwa mu 2014, WHO n'kuitenga mu 2016, chifukwa anthu ankachita mantha ngati momwe achitira azakhalimu. Magulu alipo 5. Gleason 6 ndi gulu 1, 3+4 ndi gulu 2, 4+3 ndi gulu 3, 8 ndi gulu 4, pomwe 9 ndi 10 ndi gulu 5. Onani kuti 3+4 ndi 4+3 onse ndi 7 koma si ofanana. Nambala yoyamba ndi ya maselo amene achuluka. Kwa abambo aang'ono achuluka ndi a 3, ofatsawo.

Azakhali: Ambuye alemekezeke. Ine nsima inandikanika masana.

Achemwali a ku Leeds: Komabe tisaitenge mopepuka. Opita nawo akafunse kuti mwa tinyama tonse, tingati tili ndi khansa, maselo a 4 achuluka bwanji, PSA (nambala yomwe amapeza akayeza magazi poona za prostate) ili pati, komanso ngati pakufunika sikani yoona ngati yafalikira. Akamva zimenezo ndi pomwe eni ake angasankhe bwino ndi adokotala, kaya opaleshoni, kaya radiotherapy (kuwotcha khansayo ndi makina), kaya kumangoyezedwa pafupipafupi.

Achimwene aakulu: Ndiwaperekeza ine. Mafunsowo ndalemba. Alamu, galimoto ipezeka?

Alamu: Ilipo. Mafuta okha ndiwo tisonkherane. Tinyamuke ku Dedza 5 koloko kuti tikakhale kutsogolo pamzere.

Azakhali: Ine nditumiza yanga pa Mpamba mawa. Amayi aang'ono asatsale, ndi amene amadziwa momwe akudzukira usiku kukataya madzi. Buku la kuchipatala asaiwale.

Achemwali a ku Leeds: Yanga ifika Lolemba. Achimwene, poti bambo ndi mng'ono wawo onse yawapeza, nanunso mwadutsa zaka 45, mukafunse zoyezetsa PSA tsiku lomwelo.

Achimwene aakulu: Ndamva chemwali, ndikafunsa. Ndiwaimbira abambo aang'ono madzulo ano kuti akonzeke.