Ndithandizeni nzeru, tchipisi changa chikufewa m'mapaketi

Amayi ndi abambo, ndabwera kudzapempha nzeru. Ine ndimakazinga tchipisi pa Lizulu, m'mphepete mwa msewu wa M1. Kolera itavuta mu 2023, anthu a m'maminibasi anasiya kugula zophikaphika, mpaka chiwaya changa chinachita dzimbiri. Ndinaika ndowa ya mpopi ndi sopo, madzi n'kumathira kolorini, koma makasitomala ankangosuzumira pawindo basi.

Ndiye ndinasintha. Ndinayamba kudula kachewere mopyapyala, kumukazinga mpaka aume gwa, n'kumata m'timapepala ta pulasitiki ndi lawi la kandulo. Mnyamata wa kabaza amakasiya m'magolosale, ndalama eni ake amatumiza pa Mpamba. Ana asukulu anachikonda, moti mpaka lero sindinasiye.

Vuto ndi ili: pakangotha masiku anayi mphepo imalowa, tchipisi n'kufewa, kenako kununkha mafuta. Eni magolosale ayamba kundibwezera katundu. Kodi cholakwika ndi kandulo, kapena mafuta amene ndimakazingira kawiri? Musandikalipire, mtengo wa mafuta mukuudziwa. Amene muli ndi kamakina komatira mapepala, munakagula kuti, ndipo kangagwire ndi sola? Kumudzi kwathu magetsi kulibe.